Bokosi loonetsa mmene mchere umakwerera pansi pa nthaka: ligulidwe, koma kabuku kake musakatsatire

Shopu ina ya zipangizo za sukulu muno m'tauni ya Salima yayamba kugulitsa bokosi la galasi loonetsa mmene mchere wokwiririka pansi umakwerera, ndi mmene kukwerako kumapindira magawo a miyala yosanjikizana imene yauzungulira. Amene akulifunsa kwambiri ndi aphunzitsi a jogalafe. Ife tikuti bokosili ndi loyenera ndalama zake, chifukwa silikoni amene ali m'katimo (chinthu chofewa choyenda pang'onopang'ono chimene chikuimira mchere, pamene mchenga ukuimira miyala) ndi weniweni, ndipo zimene zimachitika kuseri kwa galasilo ndi zimenedi zimachitika pansi pa nthaka. Koma kabuku ka malangizo kakuphunzitsa chithunzi cholakwika, mchenga ndi wochepa, ndipo pali zinthu zimene bokosili silingaonetse ngakhale wogulitsa atalumbira.

Bokosi lenilenilo ndi la masentimita 60 m'litali, 20 m'lifupi ndi 15 kuya kwake. Mbali ziwiri zazitali ndi magalasi a mamilimita 6 olowa m'timizere tosema pa thabwa, ndipo khoma limodzi la kumapeto limayenda ndi bawuti yaitali ya M8. Mumalandiranso makilogalamu 2 a silikoni woonekera mkati m'chidebe chotseka, makilogalamu 5 a mchenga woyera, timapaketi titatu ta mchenga wopaka utoto, kasefa, ndi kathabwa kosalazira.

Tinene msanga kuti pansi pa Salima palibe mchere wamtunduwu. Kuno kuli mchenga, dongo ndi nsangalabwi zimene Linthipe ndi mitsinje ina yakhala ikutsitsa kuchokera kumtunda, ndipo pansi pake pali thanthwe lolimba lakalekale. Mjigo ukamatulutsa madzi omveka mchere, si ndiye kuti pansipo pali chulu cha mchere. Zulu za mchere, zimene akatswiri amazitcha diapir, zimapezeka kumene nyanja yotsekeka inaphwa kalekale n'kusiya mchere wochindikala mamita mazanamazana, pena makilomita: ku Gulf of Mexico kuli mchere wa Louann, kumpoto kwa Germany ndi pansi pa North Sea kuli wa Zechstein umene wapitirira zaka 250 miliyoni, ku mapiri a Zagros ku Iran kuli wa Hormuz umene wapitirira zaka 500 miliyoni ndipo umatulukira pamwamba n'kumatsetsereka m'mapiri. Pafupi ndi kwathu kuno, ulipo m'gombe la Angola komanso ku Mandawa, kumwera kwa Tanzania kufupi ndi Kilwa. Mwana wa ku Chipoka amene adzaphunzire za miyala ku MUST kapena ku UNIMA adzakumana nazo ndithu, ndipo sangaziwone ndi maso kwathu kuno. N'chifukwa chake bokosili ndi lofunika.

Mchere uli ndi makhalidwe awiri amene miyala yambiri yosanjikizana ilibe. Loyamba, ukapanikizidwa kwa zaka zambiri umayenda pang'onopang'ono osasweka, ngakhale uli wouma. Lachiwiri, supanikizika: kiyubiki sentimita imodzi imalemera pafupifupi magalamu 2.2 kaya uli pamwamba kaya pansi penipeni. Matope ndi mchenga zimayamba zili zopepukirapo, koma zikamakwiririka madzi amafinyika, ndipo pakuya kwa kilomita imodzi kapena awiri zimayamba kulemera kuposa mchere.

Apa ndi pamene kabuku kaja kakusocheretsa. Kajambula magawo a miyala atayalidwa kale bwinobwino, kenako mchere ukuwaboola kuchokera pansi chifukwa choti ndi wopepuka. Malangizo ake akutsatira chithunzi chomwecho: yalani silikoni, thirani mchenga wonse nthawi imodzi, salazani, dikirani. Makilogalamu 5 amapanga gawo la pafupifupi masentimita atatu, ndipo mukatero mudzadikira masiku osaona kanthu. Ophunzira adzati bokosi ndi lakufa, pamene likunena zoona. Mchere ndi wofooka, miyala ya pamwamba pake ndi yolimba, ndipo sungaboole denga lochindikala lomwe likulemera mofanana paliponse. Umakwera pokhapokha denga likhale lopyapyala, kapena ling'ambike chifukwa chokokedwa, kapena katundu wa pamwamba achuluke mbali imodzi. Katswiri wa za miyala Donald Barton ananena kale mu 1933 kuti mutu wa chulu umakhala pafupi ndi pamwamba nthawi yonse, ndipo chimene chimachitika ndi chakuti miyala ya m'mbali imamira mumcherewo uku ikuwonjezeredwa. Mu 1992 Bruno Vendeville ndi Martin Jackson, ku yunivesite ya Texas ku Austin, anaonetsa ndi mchenga ndi silikoni womweyu kuti denga likakokedwa n'kung'ambika, mchere umakwera m'ming'alumo. Aliyense amene anapondapo matope m'dimba la mpunga ku Lifuwu akudziwa kale nkhaniyi: phazi ndi limene limamira, matope amangotulukira pakati pa zala.

Silikoni wa m'chidebemu ndiye chinthu chabwino koposa pa katundu yenseyu, ndipo ndalama zambiri zapita pa iyeyu chifukwa amachokera kunja. Muyeseni musanalipire. Umbani kampira ka masentimita anayi, kaikeni pa tebulo. Pakatha mphindi 10 kakhale kataphwatalala, pakatha ola kakhale katayalika, koma mukakakoka mwamphamvu kaduke. Akakhala wotero ndi woyenera. Akatha kapena akada, musalowetse m'malo mwake silikoni wa m'machubu wa ku hadiweya womatira magalasi ndi masinki. Ameneyo amauma akakumana ndi mpweya, ndipo mawa lake mudzapeza labala. Uchi nawonso sugwira. Ndi wamadzi kwambiri, umalowa m'mipata ya mchenga m'malo mowunyamula, komanso nyerere zimaupeza usiku womwewo.

Makilogalamu 2 m'bokosi la kukula uku amapanga gawo la sentimita 1.7. Ndi lokwanira, koma musataye ngakhale pang'ono.

Mchenga ndiye wochepa. Gawo limodzi la mamilimita atatu limadya pafupifupi theka la kilogalamu, ndiye wa m'paketiwo uthera pa gawo la 9, pamene chulu chooneka bwino chimafuna magawo pafupifupi 20, kutanthauza makilogalamu 10 kapena 11, osawerengera wokwiririra pomaliza. Mwayi wake ndi woti mchenga kuno sitisowa. Wa kunyanja kapena wa mumtsinje umagwira mukaukonza: utsukeni mpaka madzi azituluka oyera kuti dongo lichoke, uyanikeni masiku awiri, usefeni ndi sefa ya ufa kuti tizigoba ta nkhono ndi timiyala titsale. Mukufuna timchenga ta pakati pa mamilimita 0.1 ndi 0.3. Dongo ndi chinyontho ndi adani. Zimamatiriza mchenga, ndipo m'malo mogumuka ndi kupindika umaima njo n'kumang'ambika zibuma zikuluzikulu. M'nyengo ya dzinja uwumitseni pa chiwaya tsiku lomwelo, uzizire, kenako muugwiritse ntchito. Katondo musaike pofuna mtundu wofiira, ndi dongo ameneyo. Mizere yakuda mungaipange ndi mchenga wakuda wa m'gombe la Chipoka, umene uli ndi timiyala takuda totchedwa ilmenite. Umaoneka bwino kwambiri pa galasi, koma ndi wolemera kwambiri kuposa woyera, choncho ungowazidwa ngati mzere wosiyanitsa magawo, usakhale gawo palokha.

Kayalidwe kake ndi aka. Ikani bokosi pa tebulo losagwedera, kutali ndi dzuwa la pa windo, ndipo muliyeze ndi levulo ya amisiri mbali zonse ziwiri. Likapendekeka pang'ono silikoni amasamukira mbali imodzi usiku. Dulani silikoni zidutswa, muziyale pansi, tsekani ndi katoni, musiye tsiku lathunthu kapena awiri kuti asalale yekha ndi kuti thovu lituluke. Thovu lotsala limakwera n'kuboola magawo oyamba, ndipo ophunzira amalitenga ngati chulu. Mchenga musamauthire ndi kapu. Uwazeni ndi kasefa muli masentimita 20 mpaka 30 pamwamba, kuti ukhale wothinana mofanana paliponse.

Yambani ndi gawo limodzi la mamilimita atatu paliponse. Kenako ikani timakatoni tiwiri ta masentimita anayi m'lifupi modutsa bokosi, kena pa sentimita 20, kena pa sentimita 40, ndipo wazani magawo awiri otsatira timakatonito tili pompo, n'kumatichotsa mukatha. Malo awiri opanda katunduwo amayamba kutukumuka. Yang'anani pa galasi tsopano: magawo amene mukuwonjezera amapyapyala akamayandikira chotupacho, amachindikala kutali nacho, pakati pa beseni limene likumira. Iyi ndi nthawi imene Ferdinand Trusheim, pofufuza mchere wa Zechstein ku Germany, anaifotokoza mu 1960 kuti ndi ya mtsamiro. Mchere sunatuluke, wangotukula denga.

Tsopano tengani kabulashi kofewa musese mchenga wa pamwamba pa zotupazo mpaka silikoni aoneke. Kumeneko ndi kukokoloka kwa nthaka. Kuchokera pamenepo zinthu zimatembenuka. Silikoni wa pansi pa mbali za mtsamiro amathamangira m'chulu, mbalizo zimamira, ndipo magawo atsopano amachindikala pafupi penipeni ndi chulu, pamene poyamba paja ankapyapyala. Ngati pali chinthu chimodzi choti wophunzira atuluke nacho m'kalasi, ndi ichi: malo amene gawo lachindikala akukuuzani kumene mchere unkachoka pa nthawi imene gawolo linkayalidwa. Magawo ndiwo kalendala ya mchere. Gawo lochindikala mofanana paliponse linayalidwa mchere usanayambe kuyenda kapena utasiya. Gawo losintha kuchindikala linayalidwa uli pa ulendo.

Pakati pa zulu ziwirizo pamachitika chinthu chokongola chimene bokosili limaonetsa bwino kuposa chithunzi chilichonse. Pakati pa beseni, pamene pali polemera kwambiri, pamamira mpaka pakhudze thabwa la pansi, silikoni atafinyika yense. Pamenepo sipangatsikenso. Koma m'mbali mwake mukadali silikoni, ndipo mbalizo zimapitiriza kutsika. Mapeto ake magawo amene anali okhota ngati beseni amatembenuka, pakati pamakhala pamwamba, mbali pansi, ndipo mpangidwe umenewu akatswiri amautcha kamba. Palibe chimene chinatukula pakatipo. Mbali ndi zimene zinagwa. Ofufuza mafuta amaufuna mpangidwewu chifukwa mafuta amasonkhana pa msana pake.

Nkhani yonse ya mpangidwe wa chulu yagona pa wotchi, ndipo kabuku kaja sikatchulako n'komwe. Pali mpikisano pakati pa liwiro la kukwera kwa silikoni ndi liwiro limene mukuwonjezera mchenga. Mukamawaza mofulumira, tinene gawo la mamilimita atatu mphindi 20 zilizonse, gawo lililonse limakwera pang'ono pa phewa la chulu, chulu chimaonda chikamakwera, mpaka chimakwiririka. Liwiro likafanana, makoma ake amaima chilili. Poyambira yesani mphindi 45, muzisintha malinga ndi zimene mukuona. Mukachedwa, maola awiri kapena kuposa, silikoni amasefukira pamwamba pa mchenga mbali zonse, ndipo mukamukwirira pamatsala phiko lotulukira m'mbali. Dziwaninso kuti liwiro la kukwera silikhala limodzi: limakula katundu akamachuluka, limatsika silikoni wa pansi akamatha. Kutentha kwa Okutobala kumamufewetsanso pang'ono. Lembani pa bolodi nthawi ya gawo lililonse ndi mtundu wake, chifukwa podula mudzafuna kulumikiza mpangidwe uliwonse ndi ola lake.

Magawo 20 pa mphindi 45 ndi maola 15. Sizingatheke pa piriyodi imodzi, ngakhale pa tsiku limodzi la sukulu, ndipo wogulitsa anayenera kunena zimenezi. Gawani ntchito kwa magulu masiku awiri kapena atatu. Usiku umene palibe wowaza mchenga usakudandaulitseni. M'mawa mudzapeza silikoni atayalika pamwamba, ndipo ameneyo ndi phunziro lokwanira la zimene zimachitika m'nyanja mitsinje ikasiya kubweretsa matope kwa nthawi yaitali. Mukwirireni, pitirizani, phikolo lidzaoneka podula.

Tsopano zimene bokosili silingathe. Tsamba lomaliza la kabuku likulonjeza kuti muona timagawo topindika tokhudza khoma la chulu. Timagawo timeneti tilipodi m'chilengedwe. Katherine Giles ndi Timothy Lawton anatifotokoza mu 2002 kuchokera ku La Popa, kumpoto kwa Mexico, kumene zulu zili poyera, ndipo mu 2012 Giles ndi Mark Rowan anatigawa mitundu iwiri. Matope akamayalidwa mochedwa poyerekeza ndi kukwera kwa mchere, denga limakhala lopyapyala, magawo amapindika mwadzidzidzi m'dera la mamita 50 mpaka 200 kuchokera ku mchere, mpaka kuima chilili, ndipo gawo lotsatira limawadula pa ngodya yoposa madigiri 70. Mtundu uwu ndi wa mbedza. Akamayalidwa mofulumira, kupindika kumafalikira mamita 300 mpaka 1,000, ngodya yake yosafika madigiri 30. Uwu ndi wa mphero (wedge), woonda mbali imodzi n'kumachindikala mbali inayo. Koma m'bokosi ngati ili sentimita imodzi imaimira pafupifupi kilomita imodzi. Mamita 50 mpaka 200 ndi theka la milimita mpaka mamilimita awiri, timchenga tochepa chabe. Mbedza simungaione. Mphero mungaione mwapatalipatali, ngati mchenga wasefedwa bwino. Mphunzitsi asauze ana kuti kakhonyo kalikonse ka pa galasi ndi mbedza. Nthawi zambiri ndi mchenga wokwekwereka ndi galasilo.

Chachiwiri ndi kusiyana kwa kulemera. Mchenga wouma umalemera pafupifupi magalamu 1.5 pa kiyubiki sentimita, silikoni sakwana galamu imodzi. M'chilengedwe miyala imaposa mchere pang'ono chabe. Choncho silikoni wa m'bokosi amakwera ndi kusefukira mwachangu kuposa mmene mchere ungachitire. M'malabu akuluakulu amasakaniza mchenga ndi timikanda ta mphako kuti upepuke, ndipo m'paketi muno mulibe. Chachitatu, silikoni sasungunuka ndi madzi. Mchere weniweni ukafika pamene pali madzi a pansi umasungunuka pamutu, n'kusiya chipewa cha miyala yotchedwa anhydrite, gypsum ndi laimu. Mafuta amene anaphulika ku Spindletop, pafupi ndi Beaumont ku Texas, pa 10 Januwale 1901, anachokera m'chipewa chotere. Mbali imeneyo muyenera kuiphunzitsa ndi choko.

Khoma loyenda ndi bawuti ndi ganizo labwino lopangidwa mosasamala. Kuzungulira kumodzi kwa bawuti ya M8 kumasuntha khoma milimita 1.25, ndipo kuzungulira kamodzi kapena kawiri pa ola n'kokwanira kung'amba denga. Vuto ndi mpata wa pansi pa khomalo. Silikoni amapeza kampata kalikonse, ndipo pofika m'mawa amakhala atadzaza kuseri kwa khoma ndi m'mano a bawuti. Matani kansalu ka feluti kapena kachidutswa ka chubu cha njinga m'munsi mwa khoma musanayale chilichonse. Komanso kukoka khoma kokha kumang'amba mchenga wa pafupi ndi khomalo, kwina kumakhala chete. Njira yabwino ndi kuyala denga la sentimita imodzi, kubweza khoma masentimita asanu, n'kuika thabwa la masentimita atatu pansi pa mapeto enawo, zimene zimapendeketsa bokosi pafupifupi madigiri atatu. Denga limang'ambika zidutswa zimene zimatsetsereka zikutalikirana, silikoni n'kumakwera m'mipatamo. Umu ndi mmene miyala ya pamwamba pa mchere inayendera m'chigwa cha Kwanza ku Angola, kutsetserekera ku nyanja ya Atlantic.

Zimene mukuona pa galasi si zonse. Galasi limagwira mchenga ndi silikoni, kotero masentimita angapo a m'mbali amatsalira m'mbuyo, ndipo bokosi la masentimita 20 m'lifupi latsala ndi malo ochepa pakati amene akuyenda momasuka. Likanakhala la 30 zikanakhala bwino. Kupukuta magalasi ndi sipiriti musanayambe kumathandiza, koma chithunzi chenicheni chili pakati, ndipo muyenera kudula. Kwirirani zonse ndi mchenga wa masentimita awiri kuti silikoni aime. Yalani kansalu pa ngodya, muzithira madzi okhala ndi dontho la sopo wotsukira mbale pang'onopang'ono mpaka mchenga wonse unyowe, musiye ola limodzi. Mukathira mothamanga madzi amakumba dzenje ndipo mpweya wotsekeredwa umaswa magawo. Chotsani galasi limodzi, dulani ndi kachidutswa ka lata kosalala kapena mpeni waukulu masentimita awiri kapena atatu aliwonse, ndipo jambulani ndi foni nthawi yomweyo, rula ili pambali. Pakangopita mphindi zochepa silikoni amayamba kutuluka pa nkhope yodulidwayo ndipo mpangidwe umawonongeka.

Pochotsa galasipo ndi pamene mmisiri anaphonya. Mchenga umalowa m'timizere ta thabwa, thabwa losapakidwa vanishi limafufuma ndi madzi, galasi limakanirira, ndipo kulikoka ndi mphamvu kumagumula ntchito ya masiku atatu, kapena kuswa galasilo m'manja mwa mwana. Musanaligwiritse ntchito, pitani nalo kwa kalipentala achotse mlomo wakunja wa kamzere ka mbali imodzi, aikepo kathabwa komangidwa ndi mabawuti anayi omasula ndi dzanja, kuti galasi lizichoka chammbali osati chokweza. Apake vanishi kawiri m'kati monse, ndipo m'mphepete mwa magalasi mupalidwe kuti musatemere.

Pomaliza ntchito, siyani mchenga uume, muusese, kenako sendani ndi mpeni khungu la silikoni limene lamata mchenga. Musalikande pamodzi ndi woyera poganiza kuti mchenga udzadikha wokha. M'silikoni wotere kamchenga kamatsika mamilimita ochepa pa mwezi wathunthu, ndipo silikoni wosakanizika amalemera ndi kulimba, osakweranso bwino. Wakudayo musungeni padera, amagwira ntchito yotseka mipata. Ulendo uliwonse mumataya pang'ono, choncho pogula funsani ngati shopuyo ingakupezereni kilogalamu ina yapadera, ndipo chidebe chizikhala choimirira ndi chotseka, chifukwa chikagona chammbali m'kabati mudzapeza silikoni ali pa mabuku a shelefu ya pansi.